Wailesi za m'madera ndi rugby league ku England: chomwe masapota akuopa kutaya

BBC ikangolengeza kuti ikuchepetsa ndalama zoyendetsera wailesi zake za m'madera ku England, ena mwa anthu oyamba kukweza mawu amakhala masapota a rugby league. Munthu woonera patali atha kudabwa. Kuyambira 2024 masewero onse a ligi yaikulu ya Super League amaonetsedwa pa kanema, ndipo zotsatira zimafika pafoni nthawi yomweyo. Nanga wailesi akuilirira chiyani? Kuti timvetse, tiyenera kudziwa masewerowo, matauni amene amaseweredwa, mtundu wa wailesi tikunenawu, komanso ntchito yeniyeni imene woulutsa amagwira akakhala pamwamba pa bwalo ndi maikolofoni kukamwa.

Rugby league si rugby ya ma Springbok

Rugby ilipo mitundu iwiri. Imene ambiri kuno kwathu adaionapo pa SuperSport, ya ma Springbok a ku South Africa ndi ma All Blacks a ku New Zealand, ndi rugby union, ya osewera 15 mbali iliyonse. Rugby league ili ndi osewera 13 ndipo malamulo ake ndi ena.

Kupatukanaku kudayamba ndi nkhani ya malipiro. M'zaka za m'ma 1890 osewera ambiri a kumpoto kwa England anali ogwira ntchito m'migodi ya malasha, m'mafakitale oomba nsalu ndi m'madoko. Loweruka linali tsiku la ntchito, choncho munthu akapita kukasewera ankadulidwa malipiro. Makalabu akumpoto adapempha kuti aziloledwa kubwezera osewera ndalama yotayikayo, koma akuluakulu a Rugby Football Union, omwe ambiri anali opeza bwino a kum'mwera, adakana. Pa 29 Ogasiti 1895 makalabu 22 adagwirizana pa msonkhano wa ku George Hotel mu Huddersfield kuti atuluke, nakhazikitsa bungwe lawo la Northern Union. Mu 1906 adachepetsa osewera kufika pa 13, ndipo mu 1922 bungwelo lidatenga dzina la Rugby Football League.

Kaseweredwe kake n'kotere. Timu ikatenga mpira imakhala ndi mwayi kasanu ndi kamodzi. Wonyamula mpira akagwidwa n'kugwetsedwa, imeneyo ndi tackle imodzi. Amadzuka, kuika mpira pansi, kuukankhira kumbuyo ndi phazi, mnzake n'kutola. Otchinga amabwerera m'mbuyo mamita 10. Tackle yachisanu ikatha woyimbira amakweza mkono, ndipo nthawi zambiri timuyo imamenya mpira kutali kuti adani akayambire kumbuyo. Kugunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani ndiye try, mapointsi 4. Kumenya mpira pakati pa milongoti pambuyo pa try ndi mapointsi 2, penate 2, drop goal (kumenya mpira woudunditsa pansi pakati pa milongoti masewero ali mkati) 1. Masewero amatenga mphindi 80, bwalo n'lotalika mamita 100.

Chofunika kwambiri pa nkhani yathu ndi malo. Patadutsa zaka 130, masewerowa adakali m'dera lomwelo limene adabadwira. Makalabu ambiri ali m'mbali mwa msewu waukulu wa M62 wochoka cha ku Liverpool kukafika kufupi ndi Hull: St Helens, Widnes, Warrington, Wigan, Leigh, Huddersfield, Bradford, Leeds, Wakefield, Castleford, Hull. Kumpoto chakumadzulo, ku Cumbria, kuli Workington Town, Whitehaven ndi Barrow. Ambiri mwa malowa ndi matauni ang'onoang'ono. Featherstone, tauni ya migodi ya anthu pafupifupi 15,000, idatenga chikho cha Challenge Cup katatu, mu 1967, 1973 ndi 1983. Koma nyuzipepala ndi wailesi za dziko lonse zili ndi mitu yawo ku mpira wamiyendo, kiriketi ndi rugby union. Masewero amene ali moyo wa tauni ngati Castleford atha kusatchulidwa n'komwe pa nkhani zamasewero zochokera ku London.

Wailesi ya m'dera ndi chiyani

Wailesi za m'madera za BBC si zofanana kwenikweni ndi wailesi za m'madera zimene tili nazo ku Malawi, zoyendetsedwa ndi mabungwe kapena anthu a m'deramo. Izi ndi nthambi za wailesi ya dziko, koma iliyonse ili ndi situdiyo, atolankhani ndi oulutsa ake, ndipo imamveka mumzinda umodzi ndi madera ozungulira. Zilipo 39. Siziulutsa malonda; ndalama zake zimachokera ku laisensi ya TV imene banja lililonse loonera kanema limalipira, yomwe idafika pa £174.50 pachaka mu Epulo 2025.

Yoyamba inali Radio Leicester mu Novembala 1967. Radio Merseyside idatsegulidwa mwezi womwewo, Radio Leeds mu 1968, Radio Manchester mu 1970, Radio Humberside mu 1971, ndipo Radio Carlisle ya mu 1973 idasanduka Radio Cumbria mu 1982. Zisanu zomalizazi ndizo zasenza rugby league kwambiri. Zisanabwere, wailesi inkaulutsa masewero akuluakulu okha: fainolo ya Challenge Cup idamveka koyamba pa BBC mu 1927, pamene Oldham idagonjetsa Swinton ku Wigan. Koma kumva timu ya tauni yako sabata ndi sabata, ikusewera pakhomo kapena koyenda, kudabwera ndi wailesi za m'madera.

Padalinso wailesi zamalonda. Wish FM inkatsatira Wigan ndi St Helens, Wire FM inkatsatira Warrington. Kampani ya Bauer itagula wailesi zambiri zing'onozing'ono, mu Seputembala 2020 idazisandutsa nthambi za Greatest Hits Radio, ya nyimbo zofanana dziko lonse. Radio Aire ya ku Leeds idalowanso momwemo. Ichi n'chifukwa chake katundu yense tsopano ali paphewa pa BBC: ikatula, palibe wina wapafupi woti atole.

Wofuna kumva kukoma kwake aganize za Hull. Mzindawu udagawika pakati ndi mtsinje wa Hull: kumadzulo kuli Hull FC ovala zakuda ndi zoyera, kum'mawa Hull Kingston Rovers ovala zofiira ndi zoyera. Zili ngati Bullets ndi Wanderers mu Blantyre, mmene mkangano umayambira mu minibasi Lolemba mpaka tsiku la masewero, wailesi ili pakati kuukoleza. Radio Humberside imagwira ntchito imeneyo ku Hull. Matimu awiriwa adakumana mu fainolo ya Challenge Cup ku Wembley mu 1980, Rovers n'kupambana 10–5, ndipo Rovers itatenganso chikhocho mu 2025 patatha zaka 40 isanagwire chikho chachikulu, panali omvera amene adatsatira zaka zonse zowawazo kudzera pa wailesi yomweyo.

Mmene masewero amafikira m'khutu la womvera

Anthu ambiri amaganiza kuti kuulutsa ndi kungokhala ndi pakamwa pothamanga. Ntchito imayamba masiku awiri masewero asanachitike, pamene makalabu amatulutsa mayina a osewera 21 amene mphunzitsi angasankhemo. Woulutsa amalemba pepala lake: dzina, nambala, malo amene amasewera, ma try amene wagoletsa chaka chino, ngati akuchokera kovulala, ngati adasewerapo timu inayo. Ku Super League wosewera amakhala ndi nambala imodzi chaka chonse, kusiyana ndi ku Australia kumene nambala 1 mpaka 13 zimatsata malo osewera. Choncho mnyamata wongokwezedwa kumene kuchokera ku timu ya achinyamata atha kulowa atavala 31 kapena 34, ndipo woulutsa amene sadakonzekere amangoti kakasi. Mayina a 17 osewera tsikulo amatuluka kutatsala ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono.

Pabwalo pamakhala anthu awiri, nthawi zina mmodzi yekha. Woyamba amafotokoza zimene zikuchitika. Wachiwiri, kawirikawiri wosewera kapena mphunzitsi wakale, amalowa mpira ukaima kudzanena chifukwa chake zachitika motero. Zida n'zochepa: kabokosi kotumizira mawu ku situdiyo, mahedifoni, ndi maikolofoni yogunditsa pamlomo wam'mwamba, yopangidwa kuti izitola mawu a woulutsa yekha ngakhale anthu zikwi khumi akukuwa. Maikolofoni ina imaloza ku masapota kuti phokoso la bwalo limveke pansipansi. M'mahedifoni woulutsa amamva situdiyo koma mawu ake omwe amachotsedwamo, chifukwa akabwerera mochedwa ndi theka la sekondi munthu amayamba chibwibwi.

Kwa zaka zambiri mawu ankayenda pa lamya yapadera ya ISDN, yodalirika kwambiri. Malamya akalewa akuthetsedwa ku UK, ndiye tsopano mawu amadutsa pa intaneti ya pabwalo kapena pa netiweki ya mafoni. Apa ndi pamene mavuto amabwera. Netiweki imene inali bwinobwino 6 koloko madzulo, bwalo lili lopanda anthu, imayamba kudukaduka 8 koloko pamene aliyense watulutsa foni. Woulutsa wochenjera amayesa njira ziwiri asanayambe, amanyamula ma SIM a makampani osiyana, ndipo zonse zikakanika amamaliza masewero pafoni wamba.

Rugby league ili ndi zofuna zakezake kwa woulutsa. Womvera saona bwalo, ndiye pa tackle iliyonse ayenera kuuzidwa zinthu zitatu: mpira uli ndi ndani, uli pa mita iti, ndipo ndi tackle yachingati. Kunena kuti timu ili pamamita 20 kuchokera pa mzere wa adani pa tackle yachiwiri n'kumuuza womvera kuti akhale tsonga. Mamita 20 omwewo pa tackle yomaliza ndiye kuti ayembekezere mpira womenyedwa m'mwamba kupita pakona. Woulutsa akasokoneza chiwerengero, chithunzi chonse m'mutu mwa womvera chimasweka. Kuyambira 2020 ntchitoyi idakula ndi lamulo la six again: otchinga akachedwetsa wogwidwa kudzuka, woyimbira saimitsa masewero, amangozunguliza mkono, chiwerengero n'kuyambiranso pa ziro. Woulutsa amene maso ake anali pa pepala kwa masekondi awiri amapitiriza kuwerengera anthu zolakwika.

Palinso 40/20, pamene wosewera amenya mpira ali kumbuyo kwa mzere wa mamita 40 wa mbali yake, mpirawo n'kudunda m'bwalo n'kutulukira m'mbali mkati mwa mamita 20 a adani. Timu yomenyayo imapatsidwanso mpira. Pa kanema munthu amadzionera phazi ndi mzere. Pa wailesi woulutsa ayenera kuona phazi, kudunda kwa mpira ndi mbendera ya woyimbira wa m'mbali, zonse m'masekondi atatu. Ndiye pali nthawi imene woyimbira watumiza try kwa mnzake woona pa kanema, njira imene Super League idayamba nayo mu 1996. Masewero amaima mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo pa wailesi chete saloledwa. Apa ndi pamene katswiri wachiwiri uja amaonetsa phindu lake.

Lamulo limene oulutsa onse amaphunzitsidwa ndi kubwereza zigoli ndi nthawi pafupipafupi, chifukwa omvera amalowa ndi kutuluka: wina wangokwera galimoto, wina wangochoka pa shifiti. Nthawi nayonso ili ndi msampha wake. Wotchi ya rugby league imaimitsidwa wosewera akavulala, ndipo chigawo chimatha ndi lipenga la osunga nthawi, osati wezulo. M'mabwalo ang'onoang'ono opanda wotchi yooneka, woulutsa amadalira yake ya pamkono.

Ufulu woulutsa, ndi amene kanema sawafikira

Ufulu woulutsa ndi chilolezo chimene eni ligi amapereka kapena kugulitsa kwa nyumba youlutsira mawu kapena kanema. Ku rugby league ya ku England ndalama yaikulu yakhala ikuchokera ku kampani ya kanema wolipira ya Sky kuyambira 1996, pamene Super League idayamba ndipo masewero adasamutsidwa kuchoka m'nyengo yozizira kupita m'nyengo yotentha; tsopano amaseweredwa kuyambira Febuluwale mpaka Okutobala. Mu 2022 ndi 2023 Channel 4 idaonetsa masewero khumi pachaka kwaulere, kenako BBC idatenga gawo limenelo kuyambira 2024. Otsalawo ndi olipira, pa Sky kapena pa SuperLeague+ ya pa intaneti.

Apa pakuoneka phindu loyamba la wailesi: ndi yaulere kwa womvera. Matauni a rugby league ndi ena mwa amene adasauka migodi ndi mafakitale zitatsekedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Gogo amene adaonera Wakefield Trinity kwa zaka 50, miyendo n'kuyamba kukana masitepe a bwalo, sikuti angakwanitse kulipira kanema mwezi ndi mwezi. Woyendetsa thiraki, namwino wa usiku, munthu wosaona, wodwala ali m'chipatala, onsewa wailesi imawapeza pamene ali. Kwa wosaona, kuulutsa kwa pa kanema sikuthandiza mokwanira, chifukwa woulutsa wa pa kanema amasiya chithunzi chilankhule chokha.

Phindu lachiwiri lili pansi pa Super League. Makalabu monga Batley, Dewsbury, Hunslet, Keighley, Whitehaven ndi Workington amasewera Lamulungu masana pamaso pa anthu mazana angapo kapena zikwi zochepa. Osewera ake ambiri ndi aganyu: masana ndi omanga nyumba, aphunzitsi, okonza magetsi, madzulo n'kupita kokonzekera masewero. Makamera a Sky safika kumeneko kawirikawiri. Mtolankhani wa Radio Cumbria kapena Radio Leeds ndiye amafika, ndipo nthawi zina amakhala yekhayo wochokera ku nyumba yofalitsa nkhani, chifukwa nyuzipepala za m'matauni nazonso zidachepetsa antchito. Kalabu yaing'ono ikamveka pa wailesi, wogulitsa matayala amene dzina lake lili pa yunifomu amaona chifukwa chothandiziranso chaka chamawa, ndipo mwana amene wamva dzina la mnyamata wa mumsewu mwake likutchulidwa amayamba kufunsa za kalabu ya achinyamata.

Koyenda ndiye kumene wailesi imafunika zedi. Catalans Dragons ya ku Perpignan, kum'mwera kwa France, yakhala mu Super League kuyambira 2006. Toulouse, ya ku France komweko, nayo ili m'ligi za ku England, ndipo pakati pa 2017 ndi 2020 kunali Toronto Wolfpack ya ku Canada. Masapota ochepa okha ndiwo angakwere ndege. Koma ulendo womwewo ndi wokwera mtengo kwa wailesi: ndege, malo ogona, munthu kuchoka pa ofesi masiku awiri. Njira yotchipa ndi kuulutsa woulutsa ali mu situdiyo akuonera kanema. Imagwira ntchito, koma amaona zokhazo zimene kamera yasankha. Saona wosewera amene akutsimphina kumbuyo, saona mzere wa otchinga ukupindika mbali imene kulibe mpira, ndipo masewero akatha palibe womufunsa mphunzitsi mafunso maso ndi maso.

Zimene zimachitika kunja kwa mphindi 80

Tikanena za kuulutsa masewero okha ndiye kuti taona theka. Wailesi ya m'dera imakhala ndi mapulogalamu a mkati mwa sabata, imapita ku msonkhano wa mphunzitsi ndi atolankhani, ndipo masewero akatha imatsegula lamya. Sapota wokwiya amaimba ali pamalo oimika galimoto, wina n'kumutsutsa, mkulu wa kalabu akumva. Kalabu ili ndi tsamba lake la Facebook ndi kanema wake wa pa intaneti, koma wolembedwa ntchito ndi kalabu sangafunse bwana wake chifukwa chimene malipiro achedwera.

Ndipo mafunso otere amafunika, chifukwa makalabu a rugby league amagwa m'ngongole kawirikawiri. Bradford Bulls, imene idatenga Super League kanayi pakati pa 1997 ndi 2005, idalowa m'mavuto a zachuma mu 2012, 2014 ndi 2016, mpaka kampani yake kuthetsedwa mu Januwale 2017. Salford Red Devils idatha chaka cha 2025 malipiro akuchedwa, osewera akuchoka mmodzimmodzi. Pa nthawi ngati zimenezi masapota amafuna munthu wodziwa mbiri ya kalabu, wokhala ndi manambala a foni a anthu oyenera, amene adzakhalapobe atolankhani a ku London atabwerera kwawo.

Kudziwa dera kumeneku sikugulidwa tsiku limodzi. Malemu Ray French, mphunzitsi wa sukulu wa ku St Helens amene adasewerera St Helens ndi Widnes, adalowa m'malo mwa Eddie Waring ngati woulutsa rugby league pa kanema wa BBC mu 1981, koma adapitiriza kumveka pa Radio Merseyside kwa zaka zambiri atasiya kuulutsa mafainolo a ku Wembley. Omvera ankamukhulupirira chifukwa ankadziwa sukulu imene wosewera adaphunzira ndi kalabu ya m'dera imene idamulera. Rob Burrow, katswiri wa Leeds Rhinos, atapezeka ndi matenda opha minyewa a MND mu Disembala 2019, Radio Leeds idayenda naye ulendo wonse, pamodzi ndi maulendo othamanga a mnzake Kevin Sinfield osonkhetsa ndalama. Mu 2023 wailesiyo idapanga naye mapulogalamu amene iye ankafunsa alendo mafunso kudzera pa kompyuta yolankhula ndi mawu ake. Adamwalira pa 2 Juni 2024.

Masewero awiri, wailesi imodzi

Vuto limene omvera ambiri salidziwa ndi la njira zoulutsira. Radio Leeds yokha ili ndi Leeds, Castleford, Wakefield, Huddersfield ndi Bradford, kuwonjezera makalabu ang'onoang'ono, komanso mpira wamiyendo wa Leeds United, Huddersfield Town ndi Bradford City. Miyezi ya Febuluwale mpaka Meyi, ndiponso Ogasiti mpaka Okutobala, nyengo ziwirizi zimagundana.

Kale yankho linali kugawa: masewero amodzi pa FM, ena pa medium wave. Kuyambira 2018 BBC idazimitsa makina ambiri a medium wave a wailesi za m'madera pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo Radio Humberside inali m'gulu loyamba. Tsopano kugawa kumachitika pakati pa FM, wailesi ya digito ya DAB, ndi intaneti. Chilichonse chili ndi chilema chake. FM imafika nthawi yomweyo, kotero munthu ali m'bwalo atha kumvera pa kawailesi kam'thumba akuonerera. DAB imachedwa masekondi ochepa. Intaneti imatha kuchedwa theka la mphindi kapena kuposa, mokuti foni imakuuza za try woulutsa asanafike pa tackle yachitatu. Masewero akakankhidwira pa intaneti pokha, amene amatsala ndi okalamba aja amene wailesi imawathandiza koposa. Okhala kunja kwa UK nawo zidawavuta mu 2025 pamene BBC idatseka BBC Sounds, njira yake yomvera wailesi pa intaneti, kwa omvera akunja.

Kusintha kwa 2022 ndi mbali ziwiri za mkangano

Mu Okutobala 2022 BBC idalengeza kuti wailesi iliyonse ya m'dera izikhala ndi mapulogalamu akeake kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana mkati mwa sabata, ndipo nthawi yotsalayo wailesi zoyandikana zizigawana mapulogalamu. Atolankhani a bungwe la NUJ adanyanyala ntchito mu Malichi ndi Juni 2023, aphungu a zipani zosiyanasiyana adadandaula, koma kusinthako kudachitika. BBC idalonjeza kuti nkhani za m'dera ndi kuulutsa masewero sizikhudzidwa.

Mfundo ya BBC ndi yakuti ndalama ya laisensi idaimitsidwa pa £159 kwa zaka ziwiri kuyambira 2022 pamene mitengo ya zinthu inkakwera, kuti omvera wailesi za m'madera akuchepa ndiponso ndi achikulire, ndipo kuti ndalama ina iyenera kupita ku nkhani za m'madera za pa intaneti kumene kuli achinyamata, omwenso amalipira laisensi. Otsutsa amayankha kuti kuulutsa masewero sikuima pakokha. Pulogalamu ya masana ikamagawidwa pakati pa mizinda itatu, mpata wokamba za Hull FC Lachitatu umachepa. Anthu odziwa dera akachoka ntchito, sabwereranso. Ndipo achikulire amene sali pa intaneti ndiwo ntchito ya wailesi ya dziko idayenera kuwateteza.

Mbali zonse zili ndi vuto limodzi: phindu la wailesi n'lovuta kuliyeza. Chiwerengero cha omvera ku UK chimatulutsidwa ndi bungwe la RAJAR miyezi itatu iliyonse, ndipo gawo lalikulu limachokera kwa anthu osankhidwa amene amalemba zimene amvera sabata imodzi. Njira imeneyi imaonetsa omvera wailesi yonse, koma siingakuuze bwino kuti ndi angati adamvera Whitehaven ndi Barrow Lamulungu lakutilakuti. Nawonso eni masewero adatengera zimene zimawerengeka mosavuta. Mu 2022 adagwirizana ndi kampani ya IMG kwa zaka 12, ndipo makalabu adayamba kupatsidwa magiredi pa mapointsi 20. Mapointsi asanu ndi a kuchuluka kwa otsatira, oyezedwa ndi anthu olowa pageti, oonera pa kanema, ndi a pa masamba a mchezo. Gogo womvera pa wailesi kukhitchini saoneka pa sikelo imeneyo, ngakhale kuti ndi iye adagulira zidzukulu yunifomu.

Ku Australia ndi Papua New Guinea

Kumene rugby league ili masewero aakulu, nkhani ndi ina. Ku Sydney ndi Brisbane wailesi zamalonda monga 2GB ndi Triple M zimalimbirana masewero a NRL, ligi yaikulu ya ku Australia, chifukwa otsatsa malonda alipo, ndipo wailesi ya dziko ya ABC imawafikitsa kumidzi yakutali. Frank Hyde wa wailesi ya 2SM adaulutsa mafainolo 33 otsatizana, atakhala pa katebulo m'mbali mwa bwalo. Ku Papua New Guinea rugby league ndi masewero a dziko, midzi yambiri ili m'mapiri opanda magetsi, ndipo wailesi ya mabatire ndiyo idakulitsa chikondi cha masewerowa. Timu ya PNG Hunters idalowa m'ligi ya ku Queensland mu 2014 n'kuitenga mu 2017, ndipo dzikolo lidzakhala ndi timu mu NRL mu 2028. England ili pakati: masewerowa ndi aakulu kwambiri m'matauni ake, koma aang'ono kwa otsatsa malonda a dziko lonse.

Mafunso amene adakalipo

Chikalata chimene BBC imayendera chikutha pa 31 Disembala 2027, ndipo boma likuunika ngati laisensi ipitirire kapena pabwere njira ina yopezera ndalama. Kodi chikalata chatsopano chidzatchula poyera za masewero a m'madera, kapena zidzasiyidwa m'manja mwa oyang'anira bajeti?

Super League yakula kufika pa makalabu 14 mu 2026, awiri mwa iwo a ku France. Masewero achuluka, maulendo achuluka. Wailesi zidzatumizabe anthu ku Perpignan ndi Toulouse, kapena kuulutsa koonera pa kanema kudzakhala chizolowezi? Ndipo antchito omwewo akatanganidwa ndi ligi yaikulu, ndani adzapite ku Dewsbury?

Makalabu ena ali ndi oulutsa awo ongodzipereka, ndipo masapota ayambitsa mapulogalamu awo a pa intaneti. Kodi amenewa angalowe m'malo mwa mtolankhani woima payekha, makamaka pamene kalabu ili m'ngongole? Ngati eni ligi atathandiza kulipira maulendo a wailesi, kodi ufulu wofunsa mafunso owawa ungatsale?

Rugby league ya amayi, imene ligi yake yaikulu idayamba mu 2017, ndi ya osewera pa njinga za olumala, imene England idatenga chikho chake cha dziko lonse mu 2022, zikufunanso malo pa wailesi yomweyo ya njira zochepa. Zidzagawidwa bwanji? Ndiponso FM ikadzazimitsidwa monga idachitira medium wave, omvera amene alibe intaneti yodalirika, kapena amene amamvera ali m'bwalo momwemo, adzapatsidwa chiyani chofika pa nthawi yake?